Kodi maphunziro a makina a m'fakitale ku sekondale ndi a ana olephera sukulu?

Takulandirani nonse amene mwatsegula vidiyoyi. Lero tikukamba za maphunziro awiri amene sukulu zambiri za sekondale ku United States zimaphunzitsa, omwe ndi sayansi ya makompyuta ndiponso luso lopanga zinthu ndi makina amakono a m'fakitale. Chapakati pa vidiyoyi ndikuonetsani samu imene mwana wa zaka 16 amayenera kuiwerengera asanayatse makina, ndipo ndikupempha kuti musachoke musanaione, chifukwa ndi imene ithetse mkangano umene wanditopetsa. Ngati simunadine batani la subscribe, dinani tsopano, tipitirire limodzi.

Mfundo yoyamba ndiidutsa mothamanga. Sekondale ya ku America ndi ya zaka zinayi, kuyambira giredi 9 mpaka giredi 12, ndipo kuwonjezera pa masamu, Chingerezi ndi sayansi, wophunzira atha kusankha maphunziro a luso amene amatchedwa Career and Technical Education. Boma lalikulu la dzikolo linayamba kuthira ndalama m'maphunziro otere mu 1917 kudzera m'lamulo la Smith-Hughes, ndipo masiku ano ndalamazo zimadzera m'lamulo la Perkins, limene analikonzanso mu 2018.

Mfundo yachiwiri ndi sayansi ya makompyuta. Uku si kuphunzira kutayipa kalata, koma kuphunzira kugawa vuto m'zigawo zing'onozing'ono ndi kulemba malangizo amene kompyuta ingawatsate. Pali makosi awiri otchuka a bungwe la College Board, limene limakonza mayeso a ofuna kupita ku koleji. Kosi ya AP Computer Science A imaphunzitsa kulemba mapulogalamu m'chilankhulo cha Java, pamene ya AP Computer Science Principles, imene inayamba mu 2016, ndi yotambasuka, imakhudzanso mmene intaneti imagwirira ntchito, ndipo mphunzitsi amasankha yekha chilankhulo, kaya Python kaya JavaScript. Mayeso ake amachongedwa kuyambira 1 mpaka 5, ndipo wokhoza bwino, makoleji ambiri amamuchotsera kosi imodzi akadzafika kumeneko, zimene zimapulumutsa ndalama za makolo.

Mfundo yachitatu ndi ya makina. Wophunzira amayamba wajambula chinthu pa kompyuta, kenako pulogalamu ina imasandutsa chojambulacho kukhala malangizo, ndipo malangizowo amapita ku makina a CNC, omwe ndi makina osema chitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta, kapena ku printa ya 3D imene imasungunula pulasitiki ndi kuiyala mizeremizere yopyapyala mpaka chinthucho chitaima. Bungwe la Project Lead The Way, limene linayamba mu 1997 m'chigawo cha New York, lili ndi kosi yotere yotchedwa Computer Integrated Manufacturing.

Tsopano tafika pamene ndimafuna. Anthu ambiri, kuphatikizapo makolo ophunzira bwino, amanena kuti mwana wanzeru apite ku makompyuta, ndipo amene mutu sukuyenda apite ku makina, popeza kumeneko n'kwa ntchito zamanja, zamafuta ndi zaphokoso. Mawu amenewa amandipweteka m'makutu, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munawamva kunyumba kwanu m'Chichewa chomwechi, akuti walephera, kaphunzire kuwotcherera.

Ndisakunamizeni, bodzali lili ndi pochokera. Kwa zaka zambiri m'zaka za m'ma 1900, sukulu za ku America zinkakankhira ana a anthu osauka ndiponso ana a anthu akuda m'makalasi a ntchito zamanja popanda kuwafunsa, ndipo ana a olemera ankawakonzekeretsa za ku yunivesite. Mbiri imeneyi inaipitsa dzina la maphunzirowa, mpaka mu 2006 lamulo la Perkins linasiya dzina lakale la vocational education n'kutenga lija la Career and Technical Education. Koma makina amene ali m'kalasi lero si a nthawi imeneyo. Makina oyamba osema chitsulo motsata manambala anaonetsedwa ku yunivesite ya MIT ku America mu 1952, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yakhala ikuchoka m'minofu kupita m'mutu.

Taonani pa sikirini. Mwana wapatsidwa chimbale cha aluminiyamu, ndipo auzidwa kuti aboole mabowo asanu ndi limodzi otalikirana mofanana mozungulira, lililonse pa mtunda wa mamilimita 50 kuchokera pakati. Makina sadziwa mawu akuti mozungulira. Amangodziwa manambala awiri, X wopita kumanja ndi Y wopita kutsogolo. Choncho mwanayo agawe madigiri 360 ndi 6, apeze 60. Bowo loyamba n'losavuta, X ndi 50 ndipo Y ndi 0. Pa bowo lachiwiri, X ndi 50 kuchulukitsa ndi cosine ya madigiri 60, zimene zikupereka 25, ndipo Y ndi 50 kuchulukitsa ndi sine ya madigiri 60, zimene zikupereka 43.3. Inde, ndi trigonometry yomwe ija imene ambiri a ife tinkafunsa kuti tidzaigwiritsa ntchito kuti. Akapeza manambalawo amalemba mzere wakuti G00 X25.0 Y43.3, kutanthauza kuti chodulira chithamangire pamalopo. G01 ndi kudula molunjika, G02 ndi kudula mokhota motsata mivi ya wotchi, ndipo M03 ndi kuyamba kuzunguza chodulira. Nanga uku si kulemba pulogalamu? Kusiyana kwake n'kwakuti mnzake wa m'kalasi ya Java akaiwala chizindikiro chimodzi, kompyuta imangomulembera uthenga wakuti walakwitsa, pamene uyu akaiwala chizindikiro cha kuchotsera, chodulira chingathe kugunda chopanira chitsulo n'kuthyoka anzake onse akumva.

Sindinathe, dikirani. Ayeneranso kudziwa liwiro. Tinene kuti buku la opanga chodulira likuti chidule mamita 100 pa mphindi, ndipo chodulira chake n'cha mamilimita 10 m'mimba mwake. Chikazungulira kamodzi chimayenda mamilimita 31.4, omwe ndi 10 kuchulukitsa ndi 3.14, choncho agawe mamilimita 100,000 ndi 31.4, apeze kuti chizizungulira pafupifupi ka 3,180 pa mphindi. Akapitirira kwambiri chodulira chimapsa ndi kubuntha msanga. Akamaliza amatenga micrometer, kachipangizo koyezera timilingo tating'ono kwambiri, n'kuyeza, ndipo pa ntchito zina chojambula chimangolola kuphonya ndi mamilimita 0.025, pamene tsitsi limodzi la m'mutu mwanu n'lonenepa kuposa pamenepo kawiri kapena katatu.

Ndikudziwa kuti wina walemba kale m'munsimu kuti masiku ano kompyuta imawerengera yokha zonsezi. Zoona, imatero, koma kompyutayo sidziwa kuti chitsulo chapanidwa mopendekera, kapena kuti chodulira chayamba kutha ndipo mabowo akutuluka ang'onoang'ono. Wozindikira zimenezo ndi kukonza manambala ndi munthu amene waima pa makinapo, ndipo sangakonze mzere umene satha kuuwerenga. Ngati mukutsutsabe, lembani, ndimawerenga zonse, ndipo ngati samuyi yakutsegulani maso, dinani like ndi kutumiza vidiyoyi kwa kholo limene liyenera kuiona.

Mfundo yachinayi ndi ya kumene maphunzirowa amathera. Mu 2011 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, kunatsegulidwa sukulu ya P-TECH mogwirizana pakati pa kampani ya IBM, nthambi ya maphunziro ya mzindawo ndi City University of New York. Mwana amalowa pa giredi 9, amakhala zaka zosapitirira zisanu ndi chimodzi, ndipo amatuluka ndi satifiketi ya sekondale pamodzi ndi digiri ya zaka ziwiri ya ku koleji popanda kulipira fizi. Pulezidenti Barack Obama anakaiyendera mu 2013, ndipo njira imeneyi inafalikira m'zigawo zina ndi m'mayiko ena, kwinako ikutsamira pa za makina a m'fakitale. Palinso masatifiketi a luso la ntchito za zitsulo, a bungwe la NIMS, amene wophunzira angawapeze akadali pa sekondale, ndipo mabwana a mafakitale amawadziwa.

Mfundo yachisanu ndi yaifupi koma yowawa. Makina a CNC ndi okwera mtengo, ndipo munthu wodziwa kuwayendetsa kapena kulemba mapulogalamu amalandira zambiri ku kampani kuposa m'kalasi, n'chifukwa chake aphunzitsi ake amasowa. Sukulu za m'madera osauka ndi akumidzi ndi zimene zimatsalira, ku America komweko.

Kwa inu amene muli ku Malawi, musaganize kuti nkhaniyi yakupitirirani. Computer Studies ilipo pa mayeso a MSCE, sukulu zina zimaphunzitsa Technical Drawing ndi Metalwork, ndipo pambuyo pake pali makoleji a luso amene ali pansi pa ndondomeko ya TEVETA, komanso MUBAS ndi MUST. Mwana amene akufuna njira imeneyi asataye masamu, ndipo ngati sukulu yake ili ndi Technical Drawing aitenge, chifukwa kuwerenga chojambula cha mbali zitatu n'kofanana kaya chili papepala kaya pa kompyuta.

M'vidiyo yotsatira ndiwerengera mabowo anayi otsala aja limodzi ndi limodzi, ndipo ndilemba pulogalamu yaifupi ya Python yotulutsa manambala onsewo. Yesani kupeza X ndi Y a bowo lachitatu musanaione, mulembe yankho lanu m'munsimu, ndipo musamale ndi chizindikiro cha X. Dinaninso kabelu kuti ikatuluka muuzidwe.