Usanapite ku Lilongwe kukapikula zidole, tandimvera kaye

Mwananga, ndi mayi ako aakulu. Uthenga wako ndauona m'mawa uno, koma kulemba ndi maso angawa ndi chintchito, ndiye ndingolankhula, umvera ukapeza mpata. Ndili pamsika pano ku Kapata, ku Chipata kuno ku Zambia, phokoso ukulimvalo ndi la anyamata a njinga.

Wati mnzako wakuuza kuti zidole zatchipa ku Lilongwe, ndiye ukufuna kunyamula mpamba wonse ukapikule za Khirisimasi. Sindikukuletsa ayi. Koma tenga kope ndi cholembera, ndikuuze mmene uwerengere usanakwere galimoto ya ku boda ya Mwami.

Poyamba penipeni, nambala yolembedwa pa chidole isakututumutse, ngakhalenso kukusangalatsa. Ife timati kwacha, anzathu kutsidya amatinso kwacha, koma ndi dzina lokha. Yathu ili ndi ngwee, yawo ili ndi tambala, ndipo yathuyi anaidula maziro atatu mu Januwale 2013, iwe ukadali pasukulu. Ndiye ukamva munthu akuti chidole ndi 9,000, funsa kaye kuti kwacha yake iti, ndipo yako imodzi akukupatsa zingati lero. Lero, osati sabata yatha.

Tingoyerekeza, masamu aphweke. Tinene kuti kwacha yathu imodzi akupatsa 100 ya ku Malawi. Usaigwire nambala imeneyi, ndangoitola. Chidole cha 9,000 chija ndiye kuti chakudyera K90. Chomwecho kwa ogulitsa pikupiku kuno, tinene chili pa K110. Waona, K20 pa chidole chilichonse, ukatenga 30 ndi K600, mtima wayamba kale kudumpha. Tsopano wosintha ndalama uja akupatse 80 m'malo mwa 100. Gawa 9,000 ndi 80. Yatuluka K112.50. Chidole chomwecho, shopu yomweyo, tsiku lomwelo, chadula kuposa cha ku Chipata kuno usanalipire n'komwe galimoto. Phindu lako lonse lagona pa reti, ndiye iyambe kulembedwa pamwamba pa tsamba.

Ndipo reti siimodzi. Pali ya kubanki ndi ku bureau, palinso ya anyamata aja amakuthamangira ndi mitolo ya ndalama ukangotsika pa boda. Yawoyo imaoneka yokoma, sindikana. Koma malamulo salola, risiti palibe, ndipo akakubera ulibe kokadandaula. Ine zinandionekera. Mnyamata anandiwerengera ma 5,000 pamaso panga, zala zikuthamanga ngati akupeta mpunga, ine n'kuvomera ndi mutu. Ndikukawerenga bwino pa Mchinji, mapepala ena anali opinda pakati, limodzi analiwerenga kawiri. Ndinangoti kakasi. Sintha pamalo ovomerezeka, werenga wekha ndi manja ako, risiti uisunge m'kachikwama kamkati.

Tsopano ndikuuze chimene chimasiyanitsa mitengoyi, chifukwa ukachimvetsa sudzavutikanso kundifunsa chaka chamawa. Zidole zapulasitiki izi, tiana tamaso otseka, timagalimoto ta rimoti, timfuti tamadzi, sizipangidwa ku Lilongwe, ndiponso sizipangidwa ku Lusaka. Zambiri zimachokera ku China, kumsika waukulu wa Yiwu ndi kumafakitale a ku Shantou. Kumeneko kwacha saidziwa, kaya yathu kaya yawo. Woitanitsa katundu ayenera kupeza madola. Ndiye chidole chimabadwa ndi mtengo wa dola, ndipo chikafika kuno chimangovala malaya a kwacha. Funso n'lakuti amene anachiitanitsa uja dola anaigula zingati.

Kwathu kuno kwacha imatsata kopa, mkuwa uja wa kumigodi. Kopa akamayenda bwino pamsika wakunja madola amalowa, kwacha imapeza mphamvu. Ku Malawi madola ambiri amabwera ndi fodya, ndipo msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo n'kutsekedwa chaka chisanathe. Pofika nyengo yoti za Khirisimasi zizilowa, madola amakhala akusowa. Wamalonda akapita kubanki n'kubwerako chimanjamanja, amakagula dola kumbali pamtengo wokwera kwambiri, ndipo ndalama imeneyo amaibweza pa chidole chomwe iwe ukukagula. N'chifukwa chake mtedza kapena soya, zolimidwa komweko, ukhoza kuzipeza zotsika ukasintha ndalama yathu, koma chinthu chobwera pa kontena sichitsika chimodzimodzi. Mnzako uja mwina anaona mtengo wa zakumunda n'kuganiza kuti dziko lonse latchipa.

Komabe nthawi zina zimatchipadi, ndipo nthawi yake ndi iyi. Kwacha yawo inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zikachitika zotero, katundu amene anali kale pa shelefu amakhala masiku angapo ndi mtengo wakale, eni ake asanasinthe timapepala. Amene wafika ndi ndalama yakunja masiku amenewo amatola. Koma ndi masiku owerengeka. Mwini shopu saganiza za ndalama imene anagulira, amaganiza za imene adzagulire katoni ina ikatha iyi. Ine ndinaonapo ndi maso anga mtsikana wa mushopu ina ali ndi kabokosi ka zomata, akumata mtengo watsopano pamwamba pa wakale, ine ndili pomwepo chidole chili m'manja. Ndiye mufunse mnzakoyo kuti anapita liti. Ngati ndi miyezi iwiri yapitayo, mtengo umenewo unapita kale.

Dikira kaye. Eya amayi, timpirato ndi apo, sankhani, ndikubwera.

Ndinali pati? Eya, msewu. Kontena ikatsika pa doko ku Dar es Salaam, yathu imalowera ku Nakonde, n'kutsikira ku Lusaka, kenako katundu abwerere kuno pa Great East Road, makilomita oposa 500. Ya ku Malawi imalowera ku Songwe, ina imachokera ku Beira kapena ku Nacala. Dizilo, madalaivala, kuchedwa pa boda, zonsezo zimakwera pamsana pa chidole. Ife a Chipata tili pafupi ndi Lilongwe kuposa Lusaka, n'chifukwa chake mtima umathamangira kumeneko. Koma kufupika kwa njira si kutsika kwa mtengo, imbira kaye foni anthu a kumsika wa Kamwala ku Lusaka akuuze katoni ili pa zingati, ulembe pambali kuti ufananize.

Nkhani ya msonkho ndiyo imagwetsa ambiri, tchera khutu. Pa Mwami tsopano ndi malo amodzi, a Zambia ndi a Malawi ali pamodzi kuyambira 2022, ndiye zimafulumirako. Udzamva anthu akuti pali dongosolo la COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kuno kwathu, lopeputsa zinthu kwa amalonda ang'onoang'ono. Lilipodi, koma ndi la katundu wopangidwa kapena kulimidwa m'maiko mwathu muno, amene ali pa mndandanda womwe maiko awiriwa anagwirizana. Chidole cholembedwa kuti Made in China sichilowa mmenemo, ngakhale uchigule pakati pa Lilongwe. A ZRA, otolera msonkho a ku Zambia kuno, adzachiona ngati katundu wakunja basi, ulipira msonkho wolowetsera, ndi VAT ya 16 peresenti pamwamba. Pa K90 ija VAT yokha yadutsa kale K14, pa K20 imene umati wapindula. Kumbukiranso kuti mumtengo wa ku Lilongwe muli kale misonkho ya ku Malawi, ndiye chidole chako chalipira kawiri. Usanagule kanthu, popita pomwe, ima pa ofesi ya msonkho ufunse kuti zoseweretsa ana za ndalama zakutizakuti ulipira zingati pobwerera. Kufunsa n'kwaulere. Ndipo za njira zamadulira, zopatsa anyamata a njinga katoni kuti akudutsitsire kutchire, ndisamve. Akagwidwa, katundu wapita, mpamba wapita.

Tsopano phatikiza zonse patsamba limodzi. Mtengo wa katoni pa reti ya tsikulo, galimoto kupita ndi kubwera, katoniyo nayo amailipiritsa mpando, nsima yamasana, msonkho, ndi tsiku limene benchi yako yakhala yotseka. Ugawe ndi chiwerengero cha zidole, koma uchotsepo ziwiri kapena zitatu, chifukwa mukatoni simulephera kupezeka chothyoka mwendo. Nambala imene yatulukayo ndiyo uiyerekeze ndi ya ku Chipata ndi ya ku Lusaka. Masamu omwewa ugwiritsenso ntchito tsiku lina ukadzafuna kulowera ku Chanida kupita ku Mozambique, kungoti kumeneko ndi metical.

Chinanso, zofanana maonekedwe si zofanana mtengo. Timagalimoto tiwiri tofiira, bokosi lofanana, kena pulasitiki yake ndi yolimba, kena ukakadina ndi chala kamalowa ngati botolo la madzi. Nyamula mabatire ako mthumba, uyese rimoti pomwepo wogulitsa akuona. Koka gudumu, koka diso la chidole. Chikazuka mosavuta chisiye, mwana wamng'ono amameza, ndipo mayi ake adzabwera pa benchi pako, osati ku China. Ndipo usadzaze katoni ndi zamabatire zokhazokha. Makasitomala athu ambiri amafuna kanthu kotchipa koti mwana angogwira pa Khirisimasi, timpira, mabuluni, tiwezulo. Zodulazo tenga zochepa, zikakhala mpaka Januwale anthu ali pa fizi ya sukulu, udzazipukuta fumbi mpaka Isitala.

Ngati masamu avomera, pita ndi theka la mpamba, theka lina usiye kuno. Mawa m'mawa udutse kunyumba ndi kope lakolo tiwerengere limodzi, ndikupatsanso nambala ya mayi wina amene ndimagulako ku Lusaka. Amayi aja akundidikira ndi timpira, ndadula.