Dzina la Johnston pa mapu, pa zithunzi ndi kuno ku Mangochi

[Kamera ili pa mlatho wa Shire, ikuyang'ana nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria]

Muli bwanji nonse owonera? Achikulire ambiri akukumbukirabe kuti boma lino linkatchedwa Fort Johnston. Koma mukalemba dzina la Johnston m'nkhokwe za zithunzi zakale pa intaneti, zimene zimabwera n'zosakanikirana: mapu, mbalame zojambulidwa pamanja, zithunzi za ophunzira akuda ku America. Eni ake ndi anthu osiyana, dzina lokha ndilo lawaika dengu limodzi.

Mapu ambiri ndi ochokera ku Edinburgh, ku Scotland. Alexander Keith Johnston ndi mchimwene wake William anali ndi kampani yosindikiza mapu kumeneko. Mwana wa Alexander, Keith, anayamba ulendo wa ku nyanja yathuyi mu 1879 kuchokera ku Dar es Salaam, koma matenda anamupha panjira, ku Behobeho. Nyanjayo sanaione. Anapitiriza ulendowo ndi Joseph Thomson, mnyamata wa zaka 21.

Zithunzi za ophunzira zija anajambula ndi mayi wa ku America, Frances Benjamin Johnston, pa sukulu ya Hampton ku Virginia mu 1899. Ine zimandikhudza mtima, chifukwa nthawi yomweyo John Chilembwe anali pa maphunziro ku Lynchburg, m'chigawo chomwecho.

[Kamera itembenukire kumtsinje]

Tsono amene dzina lake linapatsidwa ku tauni ino ndi Harry Johnston, wobadwira ku London mu 1858. Asanakhale bwanamkubwa wa dziko lino anaphunzira kujambula ku Royal Academy, sukulu ya zojambula ya ku London, ndipo luso analidi nalo. Mbalame, nyama ndi mitengo ankazijambula mwa chidwi, ndipo nyama ya ku Congo yotchedwa okapi, asayansi anaipatsa dzina la Okapia johnstoni pomulemekeza. Buku lake la 1897 lonena za dziko lino ladzaza zojambula ndi zithunzi.

Koma mukamasirira lusolo, kumbukirani chimene anadzera kuno. Mu 1891 anamanga linga m'mbali mwa Shire, moyang'anana ndi kwa Mponda, ndipo asilikali ake, kuphatikizapo Asikh ochokera ku India, anamenyana ndi mafumu a Ayao monga Makanjira ndi Jalasi. Cholinga chimene ankalengeza chinali kuthetsa malonda a akapolo, omwe analidi ankhanza. Nkhondo zomwezo ndi zimene zinatsegulanso njira ya ulamuliro wa atsamunda ndi msonkho.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pa zithunzi zambiri za nthawi imeneyo, mzungu ali ndi dzina, pamene makolo athu amangolembedwa mtundu wawo basi.

Mukapeza chithunzi cha Johnston, onani kaye dzina loyamba, chaka ndi malo musanachitumize pa WhatsApp. Ndipo ngati chili cha kuno, kaonetseni agogo. Mwina adzazindikira phiri, doko kapena mudzi umene uli kumbuyoko.