Mlendo amene anandipempha kuti ndituluke pabalaza panga

Moni nonse, akumudzi ndi akuno kunja. Ndikujambula usiku ana atagona, ndiye mukamva ndikulankhula motsitsa musade nkhawa, sindikudwala. Panja kukuwaza kamvula ka ku England kaja, kosameretsa chimanga koma kolowa mpaka m'mafupa.

Sabata yatha mayi wina anandifunsa pa WhatsApp kuti, "Achemwali, inu mumalera ana a boma uko. Boma likalanda mwana kwa makolo ake, ndani amalilondalonda bomalo?" Ndayankha pano chifukwa nanenso ndinadziwa yankho lake mochedwa, mwana ali kale m'nyumba mwanga.

Kwa amene mwangotipeza kumene, ine ndine foster carer. Ndinayamba ndi ntchito yosamalira okalamba, ngati ambiri a ife, kenaka ndinachita maphunziro, anandifufuza mpaka kumtsitsi, n'kundivomereza kulera ana amene ali m'manja mwa khonsolo. Ana oterewa ku England kokha ndi opitirira 80,000. Ena anabwera ndi chigamulo cha khothi, ena makolo awo anavomereza okha kuti ayambe akhala kwina, zonsezi pansi pa lamulo la Children Act la 1989. Mwana aliyense amakhala ndi chikalata chotchedwa care plan: akhala kuti, sukulu yake ndi iti, za chipatala, abale ake aziwaona liti, ndipo mapeto ake n'chiyani, kubwerera kwawo kapena kukulira kwa ena.

Mwana woyamba amene ndinalandira anali mnyamata wa zaka 9. Dzina sinditchula, ngakhale tauni. Patangopita masabata atatu, kunabwera mayi wina wachikulire, chikwama m'manja, nsapato zonyowa. Ndinamuphikira tiyi. Atamwa pang'ono anati, "Mungatipatseko mpata? Ndikufuna ndilankhule naye yekha." Abale anga, mtima unanditentha. Kwathu mlendo sauza mwini nyumba kuti atuluke. Ndinapita kukhitchini n'kumatsuka mbale zoyera kale.

Mayi ameneyu ndiye amatchedwa IRO, Independent Reviewing Officer, kutanthauza wounika woima payekha. Ndi social worker wa zaka zambiri pa ntchito, zosachepera zisanu, koma sayang'anira mwanayo tsiku ndi tsiku, ndipo abwana a social worker wa mwanayo si abwana ake. Iye amatsogolera msonkhano wounika chikalata chija. Woyamba umachitika pasanathe masiku 20 a ntchito mwana atalowa m'manja mwa khonsolo, wachiwiri pasanathe miyezi itatu, kenaka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ndipo lamulo limamuuza kuti alankhule ndi mwanayo payekha msonkhano usanayambe. Sanali kundinyoza. Inenso ndinali m'gulu la anthu oyenera kulondoledwa.

Ndikafuna kufotokozera mayi anga kumudzi ndimati ndi nkhoswe wa mwana. Nkhoswe sagona m'nyumba mwanu, saphika, koma amakumbukira zimene munalonjezana pa chinkhoswe, ndipo zikavuta amaitanitsa mlandu.

Phindu lake ndinaliona chaka chotsatira. Chikalata cha mnyamatayo chinkati aziona mlongo wake kamodzi pa mwezi. Mlongoyo ankaleredwa ndi banja lina, mtunda wa ola limodzi pa galimoto. Koma ma social worker ankangosinthana. M'miyezi yochepa tinaona atatu. Aliyense wobwera ankati, "Ndikuwerenga kaye fayilo." Inatha miyezi isanu ana osaonana. Ine ndinkaimba foni, kulemba makalata, osayankhidwa. Mwanayo sankadandaula kwa ine ayi. Anangoyamba kubisa mabisiketi pansi pa pilo. Ndinkaganiza kuti ndi njala yakale ija, osadziwa kuti akusungira mlongo wake.

Anakaulula kwa mayi uja, ine ndili kukhitchini ngati kale. Pa msonkhano mayiyo sanakweze mawu. Anatsegula tsamba, n'kuwerenga mzere wa lonjezo lija, n'kufunsa social worker watsopanoyo kuti anawo anaonana liti komaliza. Kunali zii. Kenaka analemba: akonza ndi uje, pofika tsiku lakuti. Dzina ndi tsiku. Tsikulo litadutsa popanda kanthu, anatengera nkhaniyo kwa abwana a khonsolo kudzera m'njira yawo yothetsera mikangano, imene imayenera kutha pasanathe masiku 20 a ntchito. Zikanakanika apo, ali ndi mphamvu yotumiza nkhani ku Cafcass, bungwe loimira ana m'makhothi a mabanja, limene lingathe kukatula mlandu kwa woweruza. Sizinafike kumeneko. Loweruka lina tinakumana pa paki, mabisiketi aja atafewa kale m'thumba la jekete.

Udindo umenewu sunangogwa kumwamba. Kale woweruza akavomereza chikalata n'kupereka mwana kwa khonsolo, ntchito yake inkathera pomwepo, ndipo khonsolo ikaphwanya lonjezo panalibe wobwezera nkhani kukhothi. Oweruza ena anayesa kumadzisiyira mpata wolondola, koma mu 2002 House of Lords, imene inali khothi lalikulu kwambiri kuno nthawi imeneyo, inakana, inati zimenezo n'za opanga malamulo. Chaka chomwecho lamulo la Adoption and Children Act linakhazikitsa udindowu, ndipo makhonsolo anayamba kukakamizidwa kukhala ndi ma IRO mu 2004. Lamulo lina la 2008 linawonjezera mphamvu zawo, kuti aziyang'ana moyo wonse wa mwanayo, osati tsiku la msonkhano lokha.

Tsono ndinene pamene pamandivuta ine. Mawu akuti "woima payekha" aja ndi okoma, koma malipiro a IRO amachokera ku khonsolo yomweyo imene akuilondola. Kwathu nkhoswe wodya kuchimuna kokha, akuchikazi angamukhulupirire? Mayi wathu uja anali wolimba mtima, koma ndinakumanapo ndi wina amene ankangowerenga mafunso ngati wansembe wothamangira maliro ena. Mwinanso sikulakwa kwake. Malangizo a boma amati IRO mmodzi azikhala ndi ana 50 mpaka 70. Mu 2012 khothi linaweruza mlandu wa anyamata awiri apachibale a ku Lancashire amene anasamutsidwa maulendo oposa 70 aliyense, ubale ndi kwawo utadulidwa, banja lowatenga kukhala ana awoawo limene analonjezedwa osapezeka. Woweruza anapeza kuti IRO nayenso analephera kuteteza ufulu wawo, ndipo zinadziwika kuti nthawi ina ankasenza ana pafupifupi 200. Mu 2022 kafukufuku wotsogoleredwa ndi Josh MacAlister anafika ponena kuti udindowu uthe, m'malo mwake ana akhale ndi owalankhulira ochokera kunja kwa khonsolo. Boma silinauthetse. Ine ndikanakonda zonse ziwiri: IRO akhalepo, koma chikwama chomulipira chichoke m'manja mwa khonsolo.

Kwa inu a kwathu amene mwana wanu kapena wa m'bale wanu ali m'manja mwa boma kuno, ndikudziwa manyazi ake, ndikudziwanso mantha a mapepala. Koma funsani dzina la IRO wa mwanayo. Muli ndi ufulu wopereka maganizo anu msonkhano usanachitike, ndipo Chingerezi chikavuta pemphani womasulira. Nenani za chilankhulo, za tchalitchi kapena mzikiti, za tsitsi la mwana, za chakudya. Lamulo limati zimenezi ziganiziridwe, koma zimalowa m'chikalata wina akazitchula pakamwa.

Msonkhano wa kamtsikana kamene ndili nako panopa uli Lachinayi likubwerali. Kandiuza kale kuti kali ndi nkhani yokauza mayi wa chikwama, ndipo sikandiuza ine. Ndagula tiyi, mbale ndazisiya dala musinki. Gonani bwino, timvananso sabata yamawa.