Makalata a Omvera: Amtengatenga a Nkhondo ya Chiwaya

Tiyambe ndi kalata ya mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti: "Agogo ankatiuza kuti bambo awo anapita ku nkhondo ya Ajeremani. Koma kunyumba kulibe mendulo kapena chipewa cha usilikali. Akuti anangobwerako ndi zipsera m'mapewa ndi chifuwa chosatha. Kodi anapitadi kunkhondo?"

Zikomo mayi. Anapitadi, musakayike. Mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona kuti anali mmodzi wa amtengatenga. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu ankaitcha Chiwaya, amuna a mu Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa asilikali a Angelezi, a gulu la King's African Rifles. Kumene kunkamenyedwa nkhondoyo, ku Tanganyika, misewu ya galimoto inali yosowa, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Ndiye mpunga, ufa, zipolopolo, zonse zinkayenda pamutu pa munthu, mtolo wa makilogalamu 25 kapena kuposa, wapansi, mvula ili pamsana. Ambiri sanafe ndi mfuti ayi. Anafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala.

Kumudzi nakonso sikunali mtendere. Boma likalamula, mfumu inkayenera kupereka amuna, ena n'kumagona kuthengo kuthawa amesinjala. Khasu linatsala m'manja mwa amayi ndi nkhalamba, nkhokwe n'kuphwa. Nkhondo ikutha mu 1918, kunabukanso mliri wa fuluwenza. N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi oti nkhondoyi inali ya azungu okhaokha. Mbusa John Chilembwe anaziona msanga: mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera mkangano womwe si wawo.

Kalata ina, yaifupi, yachokera kwa mnyamata wa Fomu 3 ku Karonga: "Aphunzitsi akuti nkhondo inafika pakhomo pathu pano. Zoona?"

Aphunzitsiwo sananame, achimwene. Pa 9 Sepitembala 1914 Ajeremani, omwe anali atawoloka mtsinje wa Songwe, anathira nkhondo pa Karonga, koma anabwezedwa. Izi zisanachitike, pa 13 Ogasiti, sitima ya Angelezi, Guendolen, inali itaombera kale sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli, tsidya la nyanja. Manda a ena mwa ofera pa Karonga akadalipo pa tauni yanuyo. Kafunseni akuluakulu akulozereni, kenako mutilemberenso mutiuze mayina amene mwawapeza pamiyalapo.