Mbalame ija imalira ndikamajambula mawu

Moni abale anga nonse amene mukumvera. Lero nkhani za mapepala ndi lendi tiziike pambali kaye. Angapo mwandifunsa za mbalame imene imamveka chapatali ndikamajambulira panja kuno ku Huelva, kumwera kwa Spain. Imeneyo ndi fulagombe, eni dziko amati abejaruco.

Imafika kuno cha mu Epulo, ntchito yothyola sitiroberi ili pakalapakala, msana ukuwawa. Khutu ndi limene limayamba kuizindikira. Mumangomva "pruu, pruu" m'mwamba, zili gulu, musanaone n'komwe nthenga. Ikatera pa waya wa magetsi, yang'anani pakhosi: ndi pachikasu chowala, ndipo m'munsi mwake mwadutsa kamzere kakuda. Pamutu ndi pamsana ndi pofiirira, pamimba ndi pabuluu wobiriwirako. M'maso mwadutsa mzere wakuda ngati yapaka makala, diso lenilenilo ndi lofiira. Mlomo ndi wautali, wowonda, wopindikira pansi pang'ono, ndipo pakati pa mchira pali nthenga ziwiri zotalika kuposa zinzake. Yonse ndi masentimita 27 mpaka 29. Ana ake amasokoneza, chifukwa msana wawo umakhala wobiriwira ndipo nthenga zazitali zija sizinatuluke. Ilipo ina yabuluu imene anthu amaisokoneza nayo, kuno amati carraca, koma iyo ndi yonenepa, ya mlomo wokhuthala, ndipo khosi lachikasu ilibe.

Chimene chimandiimitsa ine pantchito ndi kadyedwe kake. Imawakha njuchi, mavu kapena tombolombo ali m'malere, n'kubwerera pamene inatera. Ikagwira njuchi imaimenyetsa pa nthambi, kenako n'kuikhutiza mpaka mbola itachoka, ndiye n'kumeza. Alimi a njuchi saikonda ayi, ndipo sindingawanene, ming'oma ndi ndalama zawo. Komabe lamulo limaiteteza, kuipha ndi mlandu.

Chisa sichikhala mumtengo. Yaimuna ndi yaikazi zimathandizana kukumba una m'gombe la mchenga, wotalika mita kapena kupitirira, n'kuikira mazira oyera kumapeto kwake.

Pofika Seputembala zimakhala zitanyamuka, kuoloka pa Gibraltar kulowa mu Africa. Za kuno ku Spain zambiri zimakathera ku West Africa, pamene zimene zimafika kumwera kwa Africa zimachokera makamaka kummawa kwa Ulaya. Mukaiona kumene muliko, ijambuleni khosi lionekere bwino, munditumizire pa WhatsApp.