Kanyumba kolowamo ka pa festival, mmene tamangira kathu kuno ku Mzuzu

(Kuseri kwa nyumba ku Chibavi, nsungwi zili mbwee pansi)

Muli bwanji nonse, monire mose kwa eni mudzi. Lero tili pa zaluso zija munthu samangoima patali nkumaonera ngati chithunzi chapakhoma ayi, amachita kulowamo, kumva, kununkhiza, kuponda ndi mapazi ake mpaka kuyiwala kuti panja band ikuyimba. Pachizungu amati immersive installation, ife tikungoti kanyumba kolowamo basi.

Kathuka ndi mamita 3 mbali zonse, anthu anayi kapena asanu nthawi imodzi. Osakulitsa aise, chikakula chimangokhala ngati tenti ya pa ukwati, chidwi chonse chimathawa.

Nkhani yake ndi imodzi yokha, mvula ya Mzuzu. Amene anakhalako kuno akudziwa, kamvula kaja kosamva kalendala, June uli mkati iko waa padenga. Ndiye wolowa aliyense amve ngati wabisala mvula, ngakhale panja dzuwa likuswa mtengo.

(Kamera pafupi ndi mfundo)

Achimwene tabweretsani kamera apa. Mafelemu ndi nsungwi, pansi tayala matabwa otsalira a paini omwe tinakatola ku Zigwagwa motchipa. Msomali pa nsungwi ayi, imang'aluka, taonani iyi tinayesa dzana yang'ambika mpaka pa mfundo. Mangani ndi mphira za chubu cha tayala, kukoka kwambiri, kuzunguliza kanayi kasanu, zimagwira koma zimalola kanyumba kugwedera pang'ono mphepo ikabwera.

Mphepoyo ndiye mdani weniweni, ndikhalitsepo apa. Ulendo woyamba tinakuta konse ndi pepala lakuda lija lofolera nyumba, mkati mdima wabwino zedi tikuwombana m'manja, madzulo ake kanyumba konse tinakakapeza m'dimba la aneba katagonera mpiru. Tinapepesa, mpiruwo tinalipira. Chinthu chotseka paliponse chimasanduka thanga la bwato. Panopa makoma ndi mphasa, mpweya umadutsa m'mipata, zitenje za ku Taifa tapachika mkati mongolendewera osazikunga. Mwendo ulionse walowa pansi theka la mita, ndipo tamangirirapo thumba la mchenga. Ngati festival yanu ili kunyanja, monga ku Chintheche komwe Lake of Stars inayambira, dziwani kuti chikhomo mumchenga sichigwira ndipo mwera suchita nthabwala, matumba awiriawiri pamwendo, zingwe m'makona onse.

(Mkati, mwachita kamdima)

Tavulani nsapato tilowe. Pansi tathira utuchi wa paini, fungo lake lokha munthu akuganiza kale za Chikangawa. Pakona pali kambale ka khofi wogaya, wakonkuno. Izi zikulendewerazi ndi mabotolo a pulasitiki, tawadula mizeremizere nkuwamanga pa ulusi wa mbedza, kuwala kukawamenya amanyezimira ngati madontho. Ana a pano anatolera thumba lonse Loweruka limodzi.

Phokoso tinajambula ndi foni, mvula pa malata, kenako mabelu a Sacramento, njinga zakabaza zathu zija, ndi mayi wina akuitanira nthochi chapatali. Kasipika tabisa pamwamba pa felemu kuti mvula izichokera kumwamba, mukakaika pansi bodza limaonekeratu. Nyimbo ikhale pa memory card osati Bluetooth, apo ayi wina akakuyimbirani foni anthu onse amva "halo muli kuti" mkati mwa mvula. Ndipo pemphani okonza festival akupatseni malo kutali ndi stage, bass ija imameza chilichonse.

Magetsi musadalire a pamalopo. Ife ndi LED strip, kachingwe kaja ka timababu ting'onoting'ono, ya 12V, mamita 5, yathuyi imadya pafupifupi 2A. Batire la 50Ah musalimalize, gwiritsani theka lokha kuti lisafe msanga, ndiye 25Ah kugawa ndi 2A ija, maola 12 ndi kanthu, usiku wonse wakwana, masana sola ilidzadze. Batirelo m'bokosi kunja kwa kanyumba, pouma, ndipo ikani fyuzi. Kandulo, koloboyi, fodya, zonsezo ayi ndithu, mphasa ndi utuchi zikagwira moto simupeza nthawi yothamangira ndowa.

Makomo awiri, lolowera ndi lotulukira, lililonse masentimita 90 kuti wa pa wheelchair naye alowe, ndipo pakati tasiya kanjira ka thabwa chifukwa matayala mu utuchi amatitimira. Pakhomo pakhale munthu nthawi zonse, makamaka ikakwana 10 usiku anthu atalawa, wina adzafuna kutsamira khoma ngati la njerwa.

Kumasula tayesa, anthu atatu ola limodzi, zonse zikukwana mu kalole kamodzi. Chatsala ndi denga, achimwene akuti tiike lata lenileni kuti mvula yeniyeni ikagwa iziyimba yokha, ine ndikuopa kulemera pa nsungwi zimenezi. Tikayesa Lachiwiri, tagwirani uko tinyamule.