Nyimbo ya M'siwa Inandipeza ku Joni

Moni nonse omvera, a kumudzi kuno ndi inu matchona anzanga a ku Joni, Cape Town ndi kwina konse. Lero sindikujambulira m'kachipinda kanga ka ku Turffontein kaja ayi. Ndili pakhonde la amayi kuno ku Zingwangwa, ndiye mukamva tambala kapena ana akuthamangitsa mpira, mundikhululukire. Ndatsika Lachiwiri pa Wenela, titadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, miyendo ili yotupa.

Chandibweretsa ndi chiliza cha azakhali anga. Anapita ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Uthengawo unandipeza ndikutchetcha kapinga kwa abwana. Kubwera sikukanatheka. Mapepala anga anali asanalongosoke, ndipo inu a kunjaku mukudziwa kuti ukatuluka choncho, kubwerera n'kovuta. Ndinangotumiza chipepeso pafoni. Magetsi atayaka, msuweni wanga ananditumizira zithunzi za kumanda pa WhatsApp. Ndinaziona zonse, n'kubweza foni m'thumba, n'kupitiriza ntchito. Msozi ngakhale umodzi, ayi.

Abale, kunja kumaumitsa mtima. Umaphunzira kungokhala duu wina akakutchula kuti kwerekwere, umaphunzira kudwala osauza amayi. Mapeto ake ngakhale maliro umawameza.

Nyimbo ku Joni sizisowa. Mu taxi muli amapiano, kwa neba wanga wa Chizulu maskandi amalira Loweruka lonse. Ndimazikonda ndithu, mutu umagwedera wokha, koma m'chifuwa muno sizinafikepo.

Patadutsa masabata atatu ndinapita kutchalitchi chathu cha Amalawi, chomwe timapemphera m'kalasi yapasukulu yobwereka. Mlembi anawerenga mayina a onse amene tinataya abale. Anali ambiri ndithu, a ku Chilobwe, a ku Phalombe, a ku Mulanje. Atatha kunangoti zii. Kenaka mayi wina wa Mvano, duku loyera kumutu, maso ali pansi, anayambitsa nyimbo ya pamaliro. Panalibe kiyibodi, panalibe ng'oma. Anaiyamba motsitsa, mokoka, mawu akunjenjemera pang'ono. Amayi anzake anailandira, ndiye abambo kumbuyo analowa ndi besi ija imamveka mpaka m'mimba.

Ine mawondo anangoti lobodo. Ndinamva fungo la utsi wa chikuni chomwe amuna timawotha panja usiku wa maliro. Ndinaona amayi atadzaza m'siwa, miyendo atatambalala pamkeka, ndipo pakati pawo azakhali, poti iwo maliro a m'dera sankawajomba. Ankaimba alito, dzanja likumenya pang'onopang'ono pabondo. Dzanja limenelo ndi lomwe linandigwetsa. Ndinalira ngati mwana, mamina ali chuchuchu, mpaka abambo ena achikulire a ku Thyolo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Lirani achimwene, nafenso tikulira."

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikusinkhasinkha chimene chinachitika. Mawu a nyimboyo ndinkawadziwa kuyambira ku Sande Sukulu, sanali achilendo. Mphamvu yake ili m'maimbidwe athu. Mmodzi amayambitsa, ena amavomera. Wofedwa mawu akamuthera pakhosi, nyimbo siima, anzake amainyamula mpaka iye atapezanso mpweya n'kulowa pomwe yafika. N'chifukwa chake m'siwa amachezera kuimba mpaka mbandakucha. Chithunzi chapafoni chinandipeza ndili ndekha pakapinga pa eni ake. Nyimbo ija inandipeza ndili pakati pa anthu, ndipo inandipatsa malo olirira.

Ndiye inu amene mukumvera muli pa basi yopita kuntchito, muli ndi maliro amene simunawalire, Lamulungu likubwerali kafuneni kumene anzanu akuimba Chichewa. Kaya ndi ku CCAP, ku Katolika kapena kwina, ingokakhalani kumbuyo.

Kuno mwambo wa chiliza uli mawa m'mawa. Amayi a Mvano amene ankaimba limodzi ndi azakhali afika kale, akhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango kuseriku. Amayi anga akundikodola kuti ndikawapatse moni alendowo. Dikirani kaye, ndisendeze maikolofoni. Mukumva? Ayamba.